Mpeni wa ku Sakai Si Mwana wa Lupanga

Munthu akafuna kukugulitsani mpeni wa kukhitchini wochokera ku Japan, sapita patali asanatchule lupanga la asilikali akale otchedwa samurai. Nkhani yake imayenda chonchi: kale kunali amisiri osula malupanga a nkhondo, ndiye mu 1876 boma la Mfumu Meiji linaletsa anthu kuyenda ndi lupanga m'chiuno, ndipo amisiriwo atasowa ogula anayamba kusula mipeni yodulira nsomba ndi ndiwo zamasamba. Lamulolo linalikodi, dzina lake ndi Haitōrei, ndipo osula malupanga ambiri anasowadi pogwira chifukwa cha ilo. Koma nkhaniyi ikamakambidwa ngati chiyambi cha mpeni wa Chijapani, imalanda ulemu kwa anthu amene anauumbadi mpeniwo: mlimi, kalipentala, wodula fodya, wogulitsa nsomba ndi wophika. Pamene lamulo la 1876 linkatuluka n'kuti mzinda wa Sakai, kum'mwera kwa Osaka, utasula kale mipeni kwa zaka pafupifupi 300, ndipo mipeni ikuluikulu ya mwambo imene ophika a ku Japan amagwira lero inali itakhazikika kale maonekedwe ake. Mpeni umenewu unaleredwa ndi msika komanso chakudya. Lupanga ndi mbale wake wa kutali amene wangotchuka kwambiri pa mtundu.

Ngakhale mbiri imene anthu a ku Sakai amadzikambira okha siyambira pa nkhondo. Mumzindamo muli manda aakulu a Daisen, chulu chomangidwa ndi manja a anthu m'zaka za m'ma 400, cha mamita 486 m'litali, chimene amati munagona Mfumu Nintoku. Mwambo wa kumeneko umati osula zitsulo anasonkhanitsidwa kudzapanga makasu ndi zokumbira za ntchito imeneyo, ndipo mbadwa zawo zinakhazikika komweko. Kaya mzere wa amisiri unayendadi osaduka kuchokera nthawiyo, chofunika kuona n'chakuti mzinda wonyadira mipeni umaloza khasu ngati kholo lake. Pofika zaka za m'ma 1500, Sakai linali doko lolemera lolamulidwa ndi bwalo la amalonda, moti wansembe wa Chijezwiti Gaspar Vilela analiyerekeza ndi Venice. Apwitikizi atafika pachilumba cha Tanegashima mu 1543 ndi mfuti zawo za gogodera, luso lozisula silinachedwe kufika ku Sakai, ndipo mzindawo unasanduka limodzi mwa malo aakulu opangira mfuti m'dziko lonselo. Ngati pali chida cha nkhondo chimene chinadyetsa osula a ku Sakai, chidacho ndi mfuti.

Apwitikizi omwewo anabweretsanso fodya, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Ajapani sankasuta fodya wopichira. Ankamunyenya n'kukhala ngati tsitsi, n'kumuika pang'onopang'ono m'kaliwo wa mutu waung'ono wotchedwa kiseru. Kuti tsamba louma lidulike mopyapyala choncho popanda kufumbutuka, pankafunika mpeni wakuthwa kwambiri umene sukanabuntha msanga m'manja mwa munthu wodula tsiku lonse. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 osula a ku Sakai anayamba kupanga mipeni yotero, ndipo inaposa ya kwina moti boma la banja la Tokugawa, limene linalamulira kuyambira 1603 mpaka 1868, linaipatsa chidindo chapadera cholembedwa kuti Sakai kiwame ndi kuteteza malonda ake. Ndi chidindo chimenechi dzina la Sakai linafika m'midzi yonse ya Japan. Taganizirani zimene wodula fodya ankafuna kwa wosula. Iye analibe nazo ntchito zoti chitsulo chipirire kumenyana ndi chitsulo chinzake. Ankafuna mpeni wodula mowongoka, wodula mofanana ulendo uliwonse, komanso woti iye mwini akhoza kuunola pamwala dzuwa likamalowa. Zimenezi ndi zomwe wophika amafunanso, ndipo si zomwe msilikali amafuna.

Chakudya ndicho chinamaliza ntchito. Mu 675 Mfumu Tenmu analetsa kudya nyama ya ng'ombe, kavalo, galu, nyani ndi nkhuku m'miyezi ya ulimi, ndipo chifukwa cha chiphunzitso cha Chibuda kuipidwa ndi nyama ya ziweto kunakhalitsa zaka zoposa 1,000. Sikuti anthu anasiyiratu nyama: nguluwe ankaidya ataitcha "namgumi wa m'phiri" kuti chikumbumtima chisawavute. Koma pa mbale za olemekezeka ndi m'nyumba zodyera munkalamulira nsomba ndi masamba, ndipo nsomba yambiri inkadyedwa yaiwisi. Chakudya chosaphika chilibe pobisira cholakwa. Mnofu wa nsomba ukadulidwa ndi mpeni wobuntha umatswanyika, umatulutsa madzi, umachita mbuu, ndipo wodya amazindikira ndi maso lilime lisanalawe. N'chifukwa chake m'chilankhulo cha ophika a ku Japan kudula kumatchulidwa patsogolo pa kuphika, monga m'mawu akuti kappō, amene zilembo zake ziwiri zimatanthauza kudula ndi kuphika. Ngakhale dzina la mpeni wa kukhitchini, hōchō, linachokera kwa wophika wa m'nthano ya m'buku lakale la ku China la Zhuangzi, amene mpeni wake sunkabuntha chifukwa ankadziwa polowetsa pakati pa mfundo za ng'ombe. Dzina lenilenilo likuloza wophika.

Tayang'anani mipeniyo umodziumodzi muone ngati muli dzanja la msilikali. Deba, umene unatchuka ku Sakai chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, ndi wamfupi, wolemera, wa msana wonenepa, wodulira mutu wa nsomba ndi kutsetsereka pamwamba pa minga ya pamsana kuti mnofu uchoke wonse. Nthano imati dzinalo linachokera kwa wosula wina wa mano otuluka kunja, chifukwa mawu akuti deba amamvekanso ngati mano otero. Usuba ndi wopyapyala, wa m'mphepete mowongoka, ndipo wophunzira kuphika amayesedwa nawo posenda daikon, muzu woyera wautali, mozungulira mpaka utasanduka nsalu imodzi yaitali yoonekera kuseri. Yanagiba, kutanthauza tsamba la msondodzi, ndi wautali masentimita 27 kapena 30 nthawi zambiri, ndipo utali umenewo uli ndi chifukwa: wophika amaika chidendene cha mpeni pa mnofu n'kukoka kamodzi kokha kulozetsa kwa iye, mpaka nsonga itatuluka, osacheka uku ndi uku. Chidutswa chimagwera pambali chili ndi nkhope yosalala, yonyezimira ngati chapakidwa mafuta. Ku Tokyo ophika akale ankakonda mpeni wa ntchito yomweyo koma wopanda nsonga, wotchedwa takohiki. Mzinda wa Kyoto, umene uli kutali ndi nyanja, unazolowera nsomba yotchedwa hamo chifukwa inkafika ili yamoyo ngakhale m'chilimwe. Nsombayi ili ndi timinga tosawerengeka tosatheka kuzula, ndiye panabadwa mpeni wolemera woti uzitema timingato kopitirira ka 20 pa masentimita atatu okha, khungu osalidula.

Ngakhale mkunga uli ndi mipeni yosiyana malinga ndi mzinda: wa ku Tokyo, wa ku Nagoya, wa ku Kyoto ndi wa ku Osaka safanana. Ku Tokyo mkunga amaung'amba kumsana, ku Osaka amautumbula pamimba. Anthu amakonda kunena kuti ku Tokyo, mzinda wa asamurai, ankapewa kung'amba pamimba chifukwa zinkakumbutsa mwambo wodzipha podzitumbula. N'kufotokoza kokoma kumva, ndipo kukuonetsa mmene samurai amalowerera m'nkhani iliyonse ya ku Japan ngakhale asanaitanidwe. Ophika ali ndi chifukwa china chapafupi: ku Tokyo mkunga amauphika ndi nthunzi asanamalize kuuwotcha, ndipo ukang'ambidwa kumsana mbali zonenepa zimakhala kunja, moti supululuka pa timitengo totungira.

Kapangidwe ka mpeni nako kali ndi umboni wake. Wosula wa ku Sakai amatenga chitsulo chofewa, jigane, n'kuchiwotcha mpaka chitafiira, amawazapo ufa wothandiza kulumikiza, n'kusanjikapo kachidutswa ka chitsulo cholimba, hagane. Amabwezera pamoto wa madigiri pafupifupi 1,000, kenako nyundo imagunda mpaka ziwirizo zitakhala thupi limodzi. Akamatambasula ndi kuumba mpeniwo amatsitsa moto pang'onopang'ono kuti chitsulo cholimbacho chisapse. Ikafika nthawi youmitsa, amaupaka dothi lamadzimadzi, amauumika, n'kuuika pa makala a paini m'chipala mwamdima, chifukwa kutentha amakuwerenga ndi diso poona kufiira kwa chitsulo. Ukafika pa madigiri pafupifupi 800 amauviika m'madzi, tsuu, kenako amautenthetsanso pang'ono kuti usakhale wophwanyika ngati galasi. Zotsatira zake ndi mpeni wonoledwa mbali imodzi yokha: kutsogolo kuli chitsulo chofewa chopendekeka, kuseri kuli chitsulo cholimba chokumbika pang'ono ngati chikhatho. Kukumbikako, urasuki, kumachititsa kuti chakudya chisamatirire ndiponso kuti ponola mwala uzingokhudza m'mphepete. Tsono lupanga la katana silipangidwa choncho. Limanoledwa mbali zonse ziwiri, ndipo kawirikawiri chitsulo cholimba chimakuta chofewa chimene chili mkati. Chida chimene chimafanana ndi yanagiba pa kusanjika zitsulo, kunoledwa mbali imodzi ndi kukumbika kuseri ndi tchizulo ndi mpeni wa puleni wa kalipentala wa ku Japan. Abale enieni a mpeniwu ali m'bokosi la wopala matabwa.

Wosula akamaliza, mpeni sunathe, ndipo apa pali chinthu chimene alendo ambiri sachidziwa. Ku Sakai ntchito inagawidwa kalekale. Wosula amapereka chitsulo chakuda chosanola kwa wonola, mmisiri wina wa nyumba ina, amene amakhala tsiku lonse ataweramira gudumu lalikulu la mwala lozungulira m'madzi, akuwongola kupindika, akukumba kuseri, akutulutsa mzere umene chitsulo chofewa chimaoneka ngati nkhungu pafupi ndi cholimba chonyezimira. Maonekedwe ankhunguwo ndiwo anapatsa mipeni yotere dzina loti kasumi. Chogwirira chimapangidwa ndi munthu winanso, nthawi zambiri ndi mtengo wopepuka wa hō ndi mkombero wa nyanga ya njati ya m'madzi. Amene amalumikiza onsewa ndi wamalonda wopikulitsa, amene amalandira maoda, amasankha wosula ndi wonola, amalowetsa mchira wa mpeni wotentha m'chogwirira, n'kuzokota dzina. Dzinalo kawirikawiri limakhala la sitolo, osati la wosula, ndipo mipeni yambiri yogulitsidwa ndi mayina a masitolo a ku Tokyo ndi ku Kyoto inasulidwa ku Sakai. Chithunzi cha mmisiri mmodzi wopanga zonse yekha m'phiri n'chokongola, koma ubwino wa mpeni wa ku Sakai unachokera ku chinthu china: aliyense ankachita mbali imodzi moyo wake wonse, ndipo ntchito yake inkaweruzidwa ndi mmisiri mnzake wodziwa kuona cholakwa. Wonola sangabisire wosula mng'alu, chifukwa mwala umauulula.

Wotsutsa ali nawo mayankho, ndipo ena ndi olemera. Anganene kuti mzinda wa Seki m'chigawo cha Gifu unalidi wa osula malupanga kuyambira zaka za m'ma 1200 ndi 1300, kwawo kwa mmisiri wotchuka Magoroku Kanemoto, ndipo lero ndi umene umapanga mipeni yambiri m'dzikolo. Anganene kuti sitolo ya Aritsugu ku Kyoto inayamba mu 1560 ndi wosula malupanga. Anganenenso kuti mipeni yakale kwambiri imene ilipo, yosungidwa m'nkhokwe ya Shōsōin ku Nara kuyambira zaka za m'ma 700, imaoneka ngati timalupanga ta zogwirira zazitali, ndiponso kuti mpeni wodula kwambiri wotchedwa honyaki umapangidwa ndi chitsulo cholimba chokhachokha n'kuumitsidwa ndi dothi lochindikala kumsana, ndendende ngati katana, mpaka kutulutsa mzere wa mafunde womwewo. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe chifukwa chokanira kuti luso la moto ndi madzi linkayenda pakati pa amisiri a mitundu yonse. Koma taonani zimene Seki inachita malupanga atatha malonda: inapanga timipeni ta m'thumba, malezala, masizasi, ndipo pambuyo pake mipeni ya kukhitchini ya m'fakitale ya maonekedwe a ku Ulaya. Kampani ya Kai inayambira kumeneko mu 1908 ndi timipeni topinda. Ndiye kuti kumene mzere wa lupanga uli woonekeratu n'kumene mpeni wa mwambo wonoledwa mbali imodzi uli wochepa. Honyaki nayo ndi yochepa kwambiri, yovuta kupanga ndi kunola, ndipo ophika ambiri amagwira ntchito moyo wawo wonse ndi kasumi.

Echizen, m'chigawo cha Fukui, ikuonetsa bwino mmene mbiri ya lupanga imagwirira ntchito. Kumeneko amati luso linafika mu 1337 ndi wosula malupanga wa ku Kyoto dzina lake Chiyozuru Kuniyasu. Koma mbiri yomweyo imapitiriza kuti iye ankasulira alimi zikwakwa zomwetera, ndipo chimene chinatchukitsa Echizen kwa zaka mazanamazana ndi zikwakwazo, zimene anthu okolola utomoni wa mitengo ya urushi ankayenda nazo m'zigawo zina n'kumagulitsa. Dzina lotsegulira nkhani ndi la wosula lupanga, koma nsima ankaidyera pa chikwakwa. Ku Sanjō ndi ku Tsubame m'chigawo cha Niigata kusula kunakula ndi misomali, ntchito imene alimi ovutika ndi madzi osefukira ankapezerapo ndalama m'zaka za m'ma 1600. Ku Tosa, pachilumba cha Shikoku, kunali nkhwangwa ndi zikwanje za odula mitengo.

Chitsulo chenichenicho chimamaliza mlandu. Lupanga la mwambo limasulidwa ndi tamahagane, chitsulo chochokera ku mchenga wakuda wosungunulidwa m'ng'anjo yadothi yotchedwa tatara. Ng'anjo ya Nittōho ku Okuizumo, imene inatsitsimutsidwa mu 1977, imayaka m'nyengo yozizira kwa masiku atatu usana ndi usiku, n'kumeza matani pafupifupi 10 a mchenga ndi 12 a makala kuti itulutse chibuma chimodzi cha matani osapitirira atatu, ndipo chabwino chake chimapita kwa osula malupanga. Iwowa amafunika chilolezo cha boma pambuyo pophunzira zaka zisanu, ndipo saloledwa kusula malupanga aatali opitirira awiri pa mwezi. Wosula mipeni ya kukhitchini sadikira zonsezo. Amagula chitsulo cha m'fakitale ya ku Yasugi, imene inali ya Hitachi Metals, kampani imene tsopano ikutchedwa Proterial. Mitundu yake iwiri yotchuka, shirogami ndi aogami, kutanthauza pepala loyera ndi pepala la buluu, inatenga mayina ku mapepala amene ankamata pa zitsulozo pozisiyanitsa. Choyera chilibe zosakaniza zambiri ndipo chimanoleka msanga. Cha buluu anathiramo chromium ndi tungsten kuti chisabunthe msanga. Zonse ziwiri zimachita dzimbiri zikasiyidwa zonyowa, n'chifukwa chake wophika wa sushi sasiyana ndi kansalu kopukutira.

Apa wotsutsa wina angabwere kuchokera mbali ina: ngati chitsulo n'cha m'fakitale, nyundo ndi ya makina, ndipo dzina ndi la wamalonda, mwambo uli pati? Kodi si malonda wamba ovekedwa chovala chachikale? Funsoli likuganiza kuti mwambo ndi kusasintha, pamene mbiri ya Sakai yonse ndi ya kusintha. Mzindawo unapsa mu 1615 pa nkhondo ya ku Osaka, unapsanso ndi mabomba mu 1945. Mipeni ya fodya inatha ntchito makina odulira atabwera ndiponso boma litatenga malonda onse a fodya mu 1904. Osula mfuti, amene ankadziwa kupanga mapaipi ndi zomangira zachitsulo, anayamba kukonza njinga ndi kupanga zipangizo zake, ndipo m'mzinda womwewo Shozaburo Shimano anatsegula kampani yake mu 1921. Dzina limenelo lero lili pa magiya a njinga padziko lonse. Mfumu Meiji atadya nyama ya ng'ombe mu 1872, ophika anafuna mpeni wa nyama, ndipo amisiri anatengera mpeni wa ophika a ku Ulaya n'kuupanga wopyapyala ndi wolimba, n'kuutcha gyūtō. Nkhondo yachiwiri itatha panabwera santoku, mpeni umodzi wa pakhomo wodulira nyama, nsomba ndi masamba. Chimene sichinasinthe ndi diso loona moto, dzanja lowongola chitsulo, ndi chizolowezi choti wogwiritsa ntchito chida ndiye amauza mmisiri chimene chikufunika. Pamene boma linkalemba zosulasula za ku Echizen mu 1979 ndi za ku Sakai mu 1982 pa mndandanda wa ntchito zamanja za mwambo, linkateteza njira ya kagwiridwe imeneyi.

Vuto la lero likuchokera pomwe panali mphamvu. Ntchito yogawana imafuna kuti onse akhalepo: wosula akapuma popanda womulowa m'malo, wonola amasowa chonola, ndipo wonola akatseka, chitsulo cha wosula chimangounjikana. Amisiri ambiri a ku Sakai ndi okalamba, ndipo kuphunzira mbali imodzi yokha kumatenga zaka zambiri pa malipiro ochepa. Ku Echizen anayesa njira ina: osula angapo anaphatikizana n'kumanga Takefu Knife Village, malo amodzi ogwirira ntchito kumene makina ndi ogawana ndipo wophunzira amaona manja a akuluakulu angapo. Msika nawo wasuntha. Mabanja a ku Japan amagula nsomba yodulidwa kale m'masitolo ndipo deba wasowa m'makhitchini ambiri, pamene ogula a ku America ndi ku Ulaya achuluka, makamaka chakudya cha Chijapani chitatchuka n'kulembedwa ndi UNESCO mu 2013. Ogula atsopanowa amafuna kudziwa dzina la wosula, chinthu chimene chapatsa amisiri ena ulemu ndi mitengo imene makolo awo sanaione. Koma ambiri a iwo sagula yanagiba kapena usuba. Amagula gyūtō, mpeni wonoledwa mbali zonse umene unachokera kwawo komweko zaka pafupifupi 150 zapitazo, kawirikawiri wa chitsulo chosachita dzimbiri monga VG-10 cha kampani ya ku Takefu, wokhala ndi mizere yokongoletsa pathupi. Pa bokosi lake nthawi zambiri pamakhala nkhani ya samurai.